Kalata yotseguka kwa a Sipikala ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo: Bwezerani kanema wa MBC kwa eni ake

Olemekezeka a Sipikala ndi aphungu nonse,

Ndakulemberani poyera chifukwa nkhaniyi si yonong'onezana. Ikukhudza katundu wa anthu onse amene munalumbira kuti mudzawatumikira, ndipo mphamvu yoikonza ili m'manja mwanu, osati mwa nduna ya zofalitsa nkhani kapena mkulu wa MBC. Ndikunena za kanema wa dziko lino, amene anabadwa ndi dzina loti Television Malawi (TVM) ndipo lero timamutcha MBC TV. Pempho langa ndi limodzi: sinthani lamulo kuti kanemayu atuluke m'thumba mwa chipani cholamula.

Tikumbutsane kaye kumene tachokera. Bungwe la MBC linakhazikitsidwa mu 1964, chaka cha ufulu wathu, kulowa m'malo mwa wailesi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Kwa zaka 30 inali wailesi yokhayo m'dziko muno, ndipo aliyense ankamudziwa mwini wake. Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress utagamula mu 1968 kuti Chichewa ndicho chikhale chiyankhulo cha fuko, Chitumbuka chinazimitsidwa pa wailesi, ndipo panalibe wolimba mtima kufunsa chifukwa chake. Za kanema ndiye sizinkakambidwa n'komwe. Anzathu a ku Zimbabwe anayamba kuonera kanema mu 1960, a ku Zambia mu 1961 kuchokera ku Kitwe, ndipo ngakhale boma latsankho la ku South Africa, lomwe linkaopa kanema ngati mliri, linagonja mu 1976. Ife Ngwazi Dr Hastings Kamuzu Banda anachita kuchoka pampando tisanaonepo Mmalawi mnzathu akuwerenga nkhani pa kanema wathuwathu.

Zinthu zinasintha ndi riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994. Malamulo aakulu atsopano anapereka ufulu wolankhula pa gawo 35 ndi ufulu wa atolankhani pa gawo 36. Chitumbuka chinabwerera pa wailesi, kenako kunabwera nkhani m'Chiyao, m'Chilhomwe, m'Chisena ndi m'Chitonga. Mu 1997 kunabadwa Radio 2. Mu 1998 Nyumba yanuyi inakhazikitsa lamulo la zofalitsa mauthenga lomwe linabala bungwe la MACRA, n'kulamula kuti MBC izitumikira Amalawi onse mosakondera. Ndipo pa 1 Epulo 1999, mu ulamuliro wa a Bakili Muluzi, Television Malawi inayamba kuulutsa kuchokera ku Kwacha mu mzinda wa Blantyre.

Amene tinalipo sitingaiwale chimwemwe chake. Nyumba imene inali ndi TV inkadzaza ndi ana a m'dera lonse, atakhala pansi mpaka pakhomo. Panja mnyamata atagwira nsungwi ya eriyo, akuipotoza pang'onopang'ono, a m'nyumba akukuwa kuti "bwerera pang'ono, basi pomwepo!" Maola oulutsa anali ochepa, zithunzi zinkachita mchenga, koma anthu ankapirira chifukwa ankaona misewu yoidziwa ndi nkhope zonga zawo. Oimba athu anayamba kujambulitsa nyimbo zawo kuti zioneke. Sewero la Tikuferanji linachititsa mabanja kukambirana za Edzi pa nthawi imene ambiri ankachita nayo manyazi, ndipo Manganya wa m'seweromo anadziwika m'dziko lonse. Pulogalamu ya Reach Out and Touch inkaonetsa odwala ndi osowa, anthu akufuna kwabwino n'kuwathandiza. Zimenezi ndi umboni wa zomwe kanema wa fuko angachite akapatsidwa mpata.

Komatu kanemayu anabadwa ndi chilema. Anatsegulidwa kutatsala miyezi iwiri ndi theka kuti chisankho cha pa 15 Juni 1999 chichitike. Sanayambe ngati nthambi ya MBC, ndipo akuluakulu ake ankaikidwa ndi boma lomwelo limene linkapikisana nawo pa chisankho. Kuyambira pamenepo mtundu wa nsalu zooneka pa nkhani zamadzulo wakhala ukusintha motsata amene ali ku nyumba ya boma. Tinayamba ndi chikasu, kunabwera buluu, kenako olenji, buluu n'kubweranso, tambala wakuda n'kutenga malo. Oyang'anira zisankho ochokera kunja, kuphatikizapo a European Union, akhala akulemba dandaulo limodzimodzi chisankho ndi chisankho kuyambira 2004: wailesi ndi kanema za boma zimapereka nthawi yochuluka kwa chipani cholamula, otsutsa n'kumangotchulidwa pamene akunyozedwa.

Nyumba yanu inayesapo kulanga khalidweli, ndipo zotsatira zake n'zofunika kuziganizira. Mu 2007, pamene aphungu otsutsa anali ochuluka kuposa a boma la a Bingu wa Mutharika, Nyumbayi inapatsa MBC ndi TVM K1 aliyense mu bajeti. Mkwiyo wake unali womveka. Inali nthawi ya Makiyolobasi, pulogalamu ya pa wailesi imene inkadula mawu a atsogoleri otsutsa n'kuwasandutsa choseketsa. Koma K1 ija sinachize kanthu. Nyumba zoulutsira mawuzi zinangothawira kwa amene akanatha kuzipatsa ndalama mwa njira zina, ndiye kuti boma lomwelo, ndipo kukondera kunangokulirakulira mpaka pa chisankho cha 2009. Amene anamva kuwawa ndi antchito wamba. Chinanso n'chakuti ena mwa aphungu amene ankadandaula kwambiri anali a chipani cha UDF, chomwe zaka zochepa m'mbuyomo chinkasangalala ndi kanema yemweyo. Atayesa kutsegula Joy TV kuti nawonso amveke, MACRA inaitseka chaka chomwecho.

Pambuyo pake boma linaphatikiza TVM ndi MBC, dzina n'kukhala MBC TV. Dzina linasintha, mwini wake sanasinthe. Pa 20 Julayi 2011, tsiku la zionetsero zimene zinaphetsa anthu pafupifupi 20, wailesi zina zomwe si zaboma zinaletsedwa kuulutsa zochitika pompopompo, pamene kanema wa fuko ankaonetsa Pulezidenti akupereka phunziro kwa anthu oitanidwa. Usiku wa pa 6 Epulo 2012, a Bingu atamwalira kale dzulo lake koma mtundu usanauzidwe, nduna zisanu ndi imodzi zinaonekera pa kanema yemweyu kudzanena kuti mayi Joyce Banda sangalowe m'malo chifukwa anayambitsa chipani chawo. Mawa lake mayiwo analumbira monga mwa malamulo, ndipo pasanathe sabata mkulu wa MBC anali atachotsedwa. Mu Meyi 2020, kutatsala milungu yochepa kuti chisankho chobwereza chichitike, nkhani zamadzulo zinaonetsa mawu otukwana a pa Facebook onyoza a Saulos Chilima, amene anali wachiwiri kwa Pulezidenti. MBC inapepesa, koma ana amene ankaonera limodzi ndi makolo awo anali ataona kale.

Izi ndi zikuluzikulu zimene zinalembedwa m'manyuzipepala. Zimene zimawononga kwambiri ndi za tsiku ndi tsiku, zomwe tazizolowera mpaka sitiziwonanso. Khalani pansi madzulo ena muonere nkhani kuyambira poyamba, boma lililonse limene lingakhalepo. Nkhani yoyamba ndi ya Pulezidenti. Yachiwiri ndi ya mayi wa fuko. Yachitatu nduna ikudula riboni. Kenako mafumu atandandalika pansi pa mtengo, aliyense akupatsidwa maikolofoni kuti athokoze boma ndi kudzudzula "anthu ena osafunira dziko zabwino". Potsiriza anthu khumi akuvekedwa nsalu yatsopano, akuti atuluka chipani chakutichakuti. Mawa lake mukamva kuti chipatala cha boma lina chatha mwezi chilibe mankhwala a malungo, kapena kuti alimi agona pa depoti kudikira feteleza, mumva kwina. Anthu anaphunzira kalekale kuti akafuna kudziwa zimene boma likufuna kuti amve atsegule MBC, akafuna kudziwa zimene zachitika asinthe tchanelo.

Sindikuloza chala atolankhani, ojambula ndi akonzi a ku MBC. Ambiri ndi anthu odziwa ntchito, ndipo ena mwa akatswiri amene akuwala m'nyumba zina zoulutsira mawu anaphunzirira komweko. Koma munthu amene akudziwa kuti foni imodzi yochokera kumwamba ikhoza kumuchotsa pa nkhani n'kumukhazika pa desiki yopanda ntchito amaphunzira kudziletsa yekha asanauzidwe. Akaona mnzake akukwezedwa chifukwa choombera m'manja, amadziwa njira yake. Boma likasintha, amene anali pamwamba amatsitsidwa, amene anali pakona amakwezedwa, ntchito n'kuyambiranso chimodzimodzi. Vuto lotere silitha ndi kuchotsa munthu mmodzi. Tachotsa akulu a MBC kangapo konse, matenda ali pomwepo.

Gwero lake lili m'lamulo limene Nyumba yanu inapanga. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa la 1998, limanena zabwino zokhazokha pa udindo wa MBC. Koma mamembala a bodi amasankhidwa ndi Pulezidenti, komiti yanu yoona zosankha anthu m'maudindo imangobwera pambuyo maina atatuluka kale. Bungwe la MACRA, lomwe likuyenera kudzudzula MBC ikalakwa, nalonso bodi yake imachokera ku dzanja lomwelo. Ndalama zoyendetsera ntchito zimadalira bajeti ya chaka ndi chaka komanso kufulumira kapena kuchedwa kwa a ku Treasury. Amene akukusankha, amene angakuchotse, amene akukulipira ndi amene akuyang'anira wokuyang'anira akakhala munthu mmodzi, palibe chifukwa chodabwira ukamayimba nyimbo yake.

Tsono mwini wake weniweni ndani? Ndi amene amalipira. Mayi wa ku Chitipa akagula sopo kapena mayunitsi a foni amakhoma msonkho, ndipo gawo la msonkhowo limakafika ku Kwacha. Msodzi wa ku Nsanje chimodzimodzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo nyumba zokhala ndi TV zinali pafupifupi imodzi pa khumi zilizonse. Ambiri mwa olipirawa alibe ndi magetsi omwe. Akafuna kuonera mpira kapena maliro a mtsogoleri amakalipira pa vidiyo sho ya pamsika, n'kukhala pa benchi m'chisakasa cha masaka. Mwa olipirawo muli otsatira chipani cholamula, otsatira zipani zotsutsa, ndi ena amene sanavotepo chibadwire. Gawo 12 la malamulo aakulu limanena kuti mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu ndipo olamula amangozisunga m'malo mwawo. Kanema wa fuko ali ngati mjigo wa m'mudzi: apampando a komiti akhoza kusunga kiyi, koma sangauze banja lina kuti lisatunge chifukwa silinawavotere.

Ena adzati boma lililonse limafunika pakamwa pake. N'zoona, ndipo lili napo kale. Kuli unduna wa zofalitsa nkhani, kuli bungwe la MANA, kuli nyuzipepala ya Boma Lathu, kuli mneneri wa ku nyumba ya boma. Palibe akuletsa MBC kuulutsa Pulezidenti akamatsegula Nyumba ya Malamulo kapena akamalankhula kwa mtundu pa nthawi ya ngozi. Chimene tikukana ndi chakuti mwambo wa boma usanduke msonkhano wa chipani, mlembi wamkulu ndi gavanala wa chigawo n'kumanyoza anzawo maola awiri pa kanema wolipiridwa ndi onyozedwawo.

Enanso adzati ngati zavuta ingogulitsani, popeza tsopano kuli Times, Zodiak, Mibawa, Luntha ndi ena ambiri, ndipo dikoda ya Kiliye Kiliye inabweretsa matchanelo ochuluka. Ine ndikukana. Nyumba zimenezi zathandiza kwambiri, koma nazonso zili ndi eni ake, ndipo zambiri zimayendera malonda. Wamalonda amathamangira kumene kuli ogula, ndiye kuti Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Pakufunika nyumba imodzi imene lamulo lingaikakamize kuika womasulira m'chiyankhulo chamanja pakona pa nkhani, kulankhula ndi Mngonde ndi Msena m'chiyankhulo chawo, kuphunzitsa ana sukulu zikatsekedwa monga zinachitikira mu 2020, ndi kuchenjeza anthu namondwe ngati Freddy wa mu Malichi 2023 asanafike. Koma chenjezo limagwira ntchito pokhapokha ngati anthu amakhulupirira wochenjezayo. Kanema amene wataya chikhulupiriro cha theka la mtundu pa nkhani za ndale sangachipeze msanga tsiku la chigumula.

Njira ina ilipo, ndipo sitikuchita kuilota. Ku Ghana malamulo aakulu a 1992 anachotsa m'manja mwa Pulezidenti yekha mphamvu yosankha mabodi a nyumba zofalitsa nkhani za boma, n'kuipereka ku bungwe loima palokha la National Media Commission. Mu 1993 khoti lalikulu kumeneko linagamula kuti nyumba youlutsira mawu ya GBC inalakwa pomana chipani chotsutsa mpata woyankhapo pa bajeti pamene cholamula chinapatsidwa. Ku South Africa ofuna kulowa mu bodi ya SABC amafunsidwa mafunso poyera ndi komiti ya aphungu, Pulezidenti n'kulandira maina kuchokera ku Nyumba ya Malamulo. Kumenekonso andale ayesapo kulanda nyumbayo, koma panali lamulo limene aphungu ndi makhoti anagwiritsa ntchito poibweza.

Choncho ndikupempha zinthu zinayi. Choyamba, sinthani kasankhidwe ka bodi ya MBC. Mipando ilengezedwe m'nyuzipepala, mipingo, mabungwe a atolankhani, a anthu aulumali, aphunzitsi ndi alimi apereke maina, ndipo mafunso achitike poyera, akuulutsidwa pa kanema yemweyo. Munthu amene ali ndi udindo m'chipani asaloledwe. Nthawi ya mamembala isathere pamodzi komanso isagwirizane ndi chaka cha chisankho, kuti boma latsopano lisamapeze mpata wosesa onse tsiku limodzi. Mkulu wa bungweli alembedwe ndi bodi atapikisana ndi anzake, ndipo achotsedwe pa zifukwa zolembedwa m'lamulo zokha.

Chachiwiri, konzani nkhani ya ndalama. Thumba la MBC likhazikitsidwe kwa zaka zingapo nthawi imodzi, kuti nduna ya zachuma isamaligwiritse ntchito ngati chikwapu, komanso kuti Nyumba yanu isadzabwerezenso za K1 zija. Chipani chilichonse chofuna kuti msonkhano wake uulutsidwe chizilipira mtengo umodzi, ndalama patsogolo. Maunduna ndi makampani a boma azilipira ngongole zawo. Mtolankhani azipita kokatola nkhani ndi galimoto ndi mafuta a bungwe lake, kuti asamadalire chipondamthengo cha amene wamuitana. Ndipo chaka chilichonse MBC izibweretsa kwa inu mabuku ake owerengedwa bwino, anthu adziwe kumene ndalama zawo zapita.

Chachitatu, tetezani ogwira ntchito ndi oonera. Lamulo linene kuti nduna kapena wina aliyense wofuna kuti nkhani ichotsedwe kapena ilowetsedwe alembe kalata ndi kusainira, ndipo makalata otere azionetsedwa ku komiti yanu. Ambiri amene amalamula pa foni sangayerekeze kulemba. Pakhale ofesi yolandira madandaulo a oonera, yosayankha kwa mkulu wa MBC, yokhala ndi mphamvu yolamula kuti wonyozedwa apatsidwe mpata woyankha pa nthawi yomweyo imene ananyozedwera. Mwezi uliwonse, osati nthawi ya kampeni yokha, pazituluka chiwerengero cha mphindi zimene chipani chilichonse chapatsidwa.

Chachinayi, lamulani kuti zojambulidwa zonse kuyambira 1999 zisungidwe ngati chuma cha fuko. M'matepi amenewo muli magule, masewero, mipira ya Bullets ndi Wanderers, malumbiro ndi maliro a atsogoleri, ndi malonjezo onse amene andale anapereka pa nsanja. Tepi ikagwidwa ndi chinyezi siibwerera. Zisamutsidwire pa kompyuta, zilembedwe m'kaundula, ndipo wophunzira wa ku yunivesite kapena mphunzitsi wa mbiri azitha kuzipeza popanda kupempha chilolezo kwa wandale.

Ndikudziwa chifukwa chake zimenezi sizinachitike kwa zaka zonsezi. Chipani chikakhala kotsutsa chimalonjeza kuti chidzamasula MBC. Chikalowa m'boma chimaona kukoma kwake, n'kunena kuti nthawi sinakwane. Komabe mbiri yathu yasonyeza kuti kanemayu sapulumutsa munthu. Mu 2014 mayi Joyce Banda anali naye, anagonja. Mu 2020 a Peter Mutharika anali naye, anagonja. Mu 2025 a Lazarus Chakwera anali naye, anagonjanso. Chimene aliyense anasiya ndi chida chakuthwa m'manja mwa womulowa m'malo. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Inu amene muli mbali ya boma lero, lamulo limeneli ndi limene lidzakutetezeni mukadzakhala mbali inayo. Inu a mbali yotsutsa, livotereni tsopano mukadali ndi ululu wake, musanaiwale.

Simufunika kudikira kuti nduna ibweretse bilu, popeza nduna ndiyo imapindula ndi mmene zinthu zilili. Malamulo a Nyumba yanu amalola phungu aliyense kubweretsa bilu yake, ndipo komiti yanu yoona zofalitsa nkhani ili ndi mphamvu yoitana bodi ya MBC, a MACRA, mabungwe a atolankhani ndi anthu wamba kuti apereke maganizo. Yambani ntchitoyi kampeni ina isanayandikire, pamene mitima idakali pansi. Ndipo tsiku limene mudzakambirane biluyo, a Sipikala, mudzalamule kuti MBC TV iulutse zokambiranazo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, popanda kudula phungu wa mbali iliyonse, kuti ife okhoma msonkho tidzadzionere tokha amene wavomera ndi amene wakana.

Ndine wanu mwaulemu,

Mzika yokhoma msonkho,
Blantyre